Masamba Akumapeto a Pepala la Kafukufuku

Nkhani ya lero ikukhudza anthu olemba za kafukufuku: ophunzira a m'mayunivesite, madokotala, anamwino, alangizi a zaulimi, ndi aliyense amene tsiku lina adzafune kutumiza pepala lake ku magazini ya sayansi. Tikamba za masamba akumapeto aja, pamene mlembi amandandalika zolemba za anthu ena zimene watsamirapo. Kusukulu amangoti marefarensi. Ambiri amawasiyira usiku womaliza, maso atafiira kale, ndipo zinthu zimasokonekera pomwepo.

Tiyambire ku Netherlands. Pieter Kroonenberg, mphunzitsi wopuma pa ntchito wa pa yunivesite ya Leiden, ankawerenga malangizo amene kampani yosindikiza ya Elsevier imapereka kwa olemba. M'malangizomo munali chitsanzo cha kalembedwe ka refarensi: mayina atatu, loyamba Van der Geer, mutu wa nkhani wonena za luso lolemba pepala la sayansi, dzina la magazini, chaka, ndi masamba 51 mpaka 59. Bamboyu anafuna kuiwerenga nkhaniyo. Anaifufuza, osaipeza. Chinali chitsanzo chongopeka, choti olemba aonerepo pamene pamakhala dzina ndi pamene pamakhala chaka. Chodabwitsa n'chakuti nkhani yosakhalakoyo inali itatchulidwa ngati umboni m'mapepala pafupifupi 400 amene ali mu Web of Science, nkhokwe yaikulu yowerengera zolemba za sayansi. Anne-Wil Harzing wa pa yunivesite ya Middlesex ku London analondola nkhaniyi mu 2017, napeza kuti ambiri mwa mapepalawo anali a pamisonkhano. Olemba ankatenga fomu yachitsanzo, n'kuikamo zawo, koma refarensi yachitsanzo ija n'kuisiya momwemo. Mlembi sanaione, mkonzi sanaione, ounika nawo sanaione.

Refarensi imeneyo inalembedwa bwino kwambiri, omvera. Mpumiro uliwonse unali pamalo pake, mpatuliro uliwonse unali pamalo pake. Vuto lake linali limodzi basi, loti kumene inkaloza kunalibe kanthu. Mfundo yanga lero yagona pamenepa. Timataya thukuta lambiri pa zizindikiro za m'kalembedwe, ntchito imene kompyuta imatha kutigwirira, koma timanyozera ntchito imene kompyuta singatigwirire, yotsegula chimene tikutchulacho n'kuona ngati chilipodi, ndiponso ngati chikunena zimene ife tikuti chikunena.

Komabe kalembedwe tisakanyoze, tikadziwe kaye. Refarensi imakhala pawiri. Mkati mwa nkhani mumakhala kachizindikiro kakafupi pamene mwatchula mfundo ya munthu wina, ndipo kumapeto kumakhala tsatanetsatane wake. Ziwirizi ziyenera kugwirizana ndendende. Chilichonse chotchulidwa mkati chipezeke kumapeto, ndipo kumapeto kusapezeke mlendo amene mkati sanatchulidwe.

Masitayelo alipo masauzande, koma ambiri amachokera m'mabanja awiri. Banja loyamba ndi la dzina ndi chaka. Mumalemba dzina la bambo la mlembi ndi chaka m'mabulaketi, ndipo kumapeto mumasanja mayinawo motsata alifabeti. Ambiri amati imeneyi ndi Harvard. Chiyambi chake amachilondola kwa Edward Laurens Mark, katswiri wa zinyama wa pa yunivesite ya Harvard, amene mu 1881 analemba pepala lalitali lonena za kakulidwe ka mazira a mtundu wina wa nkhono zopanda chigoba, ndipo anatchula anzake mwa njira imeneyi. Chimene ophunzira ambiri sachidziwa n'chakuti palibe buku limodzi lolamulira Harvard. Yunivesite iliyonse, magazini iliyonse, ili ndi Harvard yakeyake. Ndiye mphunzitsi akangoti “lembani mu Harvard”, funsani mwaulemu kuti akupatseni chikalata cha Harvard imene iwo akunena, apo ayi mudzakangana pa zinthu zopanda mwini. APA ili m'banja lomweli, koma iyo ili ndi mwini, bungwe la akatswiri a za maganizo a anthu ku America. Inayamba mu 1929 ngati nkhani ya masamba 7 okha, ndipo lero ndi buku lonenepa limene linatuluka kachisanu ndi chiwiri mu 2019.

Banja lachiwiri ndi la manambala, ndipo sitayelo yake yodziwika ndi Vancouver. Mu 1978 kagulu ka akonzi a magazini a zachipatala kanakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada. Chimene chinkawavuta n'chakuti magazini iliyonse inali ndi malamulo ake, moti pepala likakanidwa kwina, mlembi ankayenera kulitaipanso lonse asanalitumize kwina, ndipo kumbukirani kuti nthawi imeneyo kunali mataipilaita. Anagwirizana zokhala ndi malamulo amodzi, amene anasindikizidwa mu 1979, ndipo kalembedwe ka marefarensi anakatenga ku National Library of Medicine ya ku America. Kagulu kaja ndi kamene kanakula n'kukhala komiti imene lero imadziwika ndi zilembo zoti ICMJE. Magazini yathu ya Malawi Medical Journal imayendera manambala omwewa, choncho aliyense wa ku Kamuzu University of Health Sciences kapena wa m'zipatala zathu amene akufuna kulembamo, njira yake ndi imeneyi.

Mu Vancouver, refarensi imapatsidwa nambala malinga ndi pamene yayambira kutchulidwa. Yoyamba kutchulidwa ndi 1, yotsatira ndi 2, ndipo mukaitchulanso yoyamba ija pa tsamba lachisanu, imakhalabe 1. Kumapeto simusanja motsata alifabeti, mumasanja motsata manambalawo. Ubwino wake ndi woti chiganizo chimawerengeka mosadodometsa, popanda mayina asanu otsekereza pakati. Kuipa kwake amakudziwa amene analembapo pamanja. Mwamaliza pepala la marefarensi 40, oyang'anira kafukufuku wanu n'kunena kuti ndime yachitatu ipite koyambirira. Basi manambala onse asuntha. Amene anali 12 tsopano ndi 3, ndipo mukaphonya mmodzi yekha, mfundo ya malungo iyamba kuloza ku pepala la matenda a shuga.

Tiyeni titenge refarensi imodzi yeniyeni tiiyang'ane pafupi. Ndiiwerenga pang'onopang'ono, amene muli ndi cholembera mulembe.

Porter J, Jick H. Addiction rare in patients treated with narcotics. N Engl J Med. 1980;302(2):123.

Taonani mmene yayendera. Dzina la bambo ndilo limatsogola, kenako chilembo choyamba cha dzina la mwiniwake, popanda mpumiro pakati. Olemba awiriwo asiyanitsidwa ndi mpatuliro, ndipo palibe mawu olumikiza. Pamutu wa nkhani, chilembo chachikulu ndi choyamba chokha. Dzina la magazini lafupikitsidwa, koma simufupikitsa mmene mwafunira, pali mndandanda wovomerezeka wa laibulale ya ku America ija. New England Journal of Medicine imakhala N Engl J Med, ndipo yathu ija imakhala Malawi Med J. Kenako chaka, voliyumu 302, kope lachiwiri m'mabulaketi, timadontho tiwiri, ndi tsamba 123. Nkhani ikadakhala yoyambira tsamba 123 kulekeza 129, ambiri a Vancouver akadalemba 123-9, osabwereza manambala ofanana. Olemba akachuluka, chizolowezi ndi kutchula asanu ndi mmodzi oyamba, n'kutsekera ndi mawu a Chilatini aja oti et al., pamene APA yatsopano imalola mayina mpaka 20 kumapetoko. Refarensi imeneyi muisunge, tibwererakonso, chifukwa ili ndi mbiri yowawa.

Kodi munthu aziloweza zonsezi? Ayi ndithu, ndipo ine ndimaona kuti mphunzitsi amene amachotsera wophunzira malikisi ambiri chifukwa cha mpatuliro, koma osamuonetsa pulogalamu yosungira marefarensi, akumulakwira. Pulogalamu yotchedwa Zotero ndi yaulere. Inayambira pa George Mason University ku America mu 2006. Pali Mendeley, imene Elsevier inagula mu 2013, pali EndNote yogulitsa, ndipo anzathu a masamu ndi fizikisi amene amalemba ndi LaTeX ali ndi BibTeX kuyambira m'ma 1980. Zonsezi zimagwira ntchito mofanana. Mumasunga pepala lililonse kamodzi, pulogalamuyo imalumikizana ndi chimene mukulembera, monga Word, ndipo mukasuntha ndime, manambala amadzikonza okha. Magazini ikakukanani, mumasankha sitayelo ya magazini ina, mndandanda wonse n'kusintha nthawi yomweyo. Zotero imagwira ntchito ngakhale intaneti palibe, bola mapepalawo munawasunga kale, zimene kwathu kuno si nkhani yaing'ono poganizira mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi.

Koma pulogalamu imatulutsa zimene mwaipatsa. Tsegulani mapepala angapo osindikizidwa kale, muyang'ane kumapeto, posachedwa mupeza mlembi wina wotchuka kwambiri dzina lake Organization WH. Munthu ameneyu kulibe. Ndi World Health Organization, bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene kompyuta yaliyesa munthu, n'kutenga mawu omaliza ngati dzina la bambo, enawo n'kuwasandutsa zilembo. Chimodzimodzi ofesi yathu ya kalembera ku Zomba, National Statistical Office, imasanduka Office NS. Mankhwala ake ndi apafupi. Mu Zotero mumasintha bokosi la dzina kuti likhale limodzi m'malo mwa awiri, ndipo mu EndNote mumaika mpatuliro kumapeto kwa dzina la bungwelo. Koma muyenera kuyamba mwaliona vutolo, ndipo simungalione ngati mndandanda wanu simuuwerenga.

Mayina athu nawo amavulala m'makinamu. Ng'oma, Ng'ambi, M'bwana: kachizindikiro kapamwamba kaja nthawi zina kamasowa, nthawi zina kamasanduka zilembo zachilendo zosawerengeka. Nthawi zinanso makina amatembenuza mayina, la bambo n'kukhala loyamba, moti munthu mmodzi amaoneka ngati anthu awiri. Mitu ya nkhani imabwera yonse m'zilembo zikuluzikulu. Mayina a sayansi a tizilombo, monga Plasmodium falciparum, amene amayenera kupendekeka, amabwera ali chilili. Izi mumakonza m'nkhokwe ya pulogalamuyo, osati mu Word, chifukwa mukakonzera mu Word, tsiku limene pulogalamu idzakonzenso mndandanda zolakwika zonse zidzabwerera.

Mwina wina akufunsa kuti, ngati owerenga atha kulipeza pepalalo, chilembo chimodzi cholakwika chili ndi vuto lanji? Vuto lake ndi loti masiku ano owerenga marefarensi ambiri si anthu, ndi makina. Mu 1955 Eugene Garfield analemba m'magazini ya Science ganizo loti pakhale kaundula woonetsa kuti pepala lililonse latchulidwa ndi ndani, ndipo mu 1964 kaundulayo anayamba kutuluka ndi dzina loti Science Citation Index. Kuchokera pamenepo kutchulidwa kunasanduka chinthu chowerengedwa. Magazini amapikisana nacho, opereka ndalama za kafukufuku amachiyang'ana, ndipo mphunzitsi wa payunivesite akafuna kukwezedwa, ena amayamba afunsa kuti mapepala ake atchulidwa kangati. Kaya muyezo umenewu ndi wachilungamo kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ine ndili nawo mafunso ambiri. Koma poti ulipo, mukalakwitsa dzina, chaka kapena voliyumu, makina atha kulephera kulumikiza, ndipo mnzanu amene anakhetsa thukuta kumudzi akusonkhanitsa mayankho sawerengeredwa kanthu. Amene amaluza kwambiri ndi ofufuza a m'mayiko ngati athu, amene mapepala awo satchulidwa kawirikawiri ndi kale.

Pali zida ziwiri zimene zinabwera kudzachepetsa chisokonezochi. Choyamba ndi DOI, nambala imene nthawi zonse imayamba ndi 10 ndi kadontho. Imeneyi ndi keyala yosasintha ya pepala. Magazini itha kusamutsa tsamba lake la pa intaneti, itha kugulidwa ndi kampani ina, koma DOI imakufikitsanibe pakhomo. Bungwe la Crossref, limene linayamba mu 2000, ndilo limalembetsa ma DOI a magazini ambiri. Mukaika DOI mu Zotero, imakoka yokha mayina, mutu, chaka ndi masamba. Chachiwiri ndi ORCID, imene inayamba mu 2012, nambala ya manambala 16 yozindikiritsa wofufuza mwiniwakeyo. Dziko lino a Banda ndi a Phiri alipo angati? Mukalemba Phiri M, mukunena uti? Kulembetsa ORCID n'kwaulere, ndipo wophunzira aliyense wa digiri yachiwiri akadayenera kukhala nayo asanatulutse pepala lake loyamba. Musankhenso kalembedwe kamodzi ka dzina lanu, musamati lero zilembo ziwiri, mawa chimodzi, mkuja dzina la kuchikwati.

Apa ndiwadzudzuleko pang'ono eni magazini. Pangano la ku Vancouver lija linali loti malamulo akhale amodzi, koma lero magazini iliyonse yaonjezera kake. Ina ikufuna manambala m'mwamba mwa mzere, ina m'mabulaketi a makona, ina ikufuna olemba atatu okha, ina onse. Kafukufuku wina amene anatuluka mu PLOS ONE mu 2019, atafunsa ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti pepala limodzi limadya maola pafupifupi 14 pongolikonza kuti lifanane ndi zofuna za magazini. Maola amenewo akupita pa pepala limene mwina likanidwa mkonzi asanafike n'komwe pa marefarensi. Magazini ena anazindikira, ndipo tsopano amalola kuti potumiza koyamba mulembe mu sitayelo iliyonse, bola ikhale imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, zokongoletsazo zidzabwere pepala likalandiridwa. Elsevier yomwe ija ili ndi ndondomeko yotere m'magazini ake ambiri. Ndiye musanayambe kuvutika, werengani malangizo a olemba a magazini imene mwasankha, ndipo tsegulani nkhani ziwiri zimene yatulutsa posachedwa muone mmene marefarensi ake akuonekera. Nthawi zina malangizo amakhala akale, nkhani zatsopanozo ndizo zimakuuzani zoona.

Tsopano tibwerere kwa Porter ndi Jick. Chimene munalemba chija si pepala la kafukufuku lathunthu. Ndi kalata yopita kwa mkonzi, ya ziganizo zisanu zokha, imene inatuluka mu January 1980. Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston anayang'ana m'kaundula wa odwala ogonekedwa m'chipatala. Mwa odwala 11,882 amene analandirako mankhwala amphamvu opha ululu a m'gulu la morphine, anapeza anayi okha amene zinalembedwa kuti anafika posatha kukhala opanda mankhwalawo, mwa anthu amene analibe vutoli kale. Mawu ofunika apa ndi oti ogonekedwa m'chipatala: anthu olandira mankhwala m'manja mwa namwino, pa muyezo wake, ali pabedi. Kalatayo sinanene kanthu za munthu wopatsidwa botolo la mapiritsi kuti azikamwa kunyumba miyezi ndi miyezi chifukwa cha msana.

Koma anthu anayamba kuitchula ngati umboni woti mankhwalawa savuta, dokotala asaope kuwapereka kwa nthawi yaitali. Wina anatchula, wina n'kukopera kwa ameneyo, winanso n'kukopera kwa wachiwiriyo, mpaka kakalata ka ziganizo zisanu kanayamba kutchedwa kafukufuku wamkulu. Mu 2017 gulu la ofufuza a ku Toronto, m'menemo muli David Juurlink, linawerenga zolemba zonse 608 zimene zinatchula kalatayi. Anapeza kuti 72 pa 100 alionse anaitchula ngati umboni woti vuto lozolowera mankhwalawa n'losowa, ndipo pafupifupi 81 pa 100 sananene n'komwe kuti odwalawo anali ogonekedwa. Anaonanso kuti kutchulidwaku kunakwera kwambiri mankhwala a OxyContin atalowa pamsika chapakati pa zaka za m'ma 1990. Kampani yopanga mankhwalawo, Purdue Pharma, inavomera mlandu m'khothi mu 2007 wosocheretsa anthu pa za kuopsa kwake. Anthu mazanamazana a masauzande amwalira ku America ndi mankhwala a m'gulu limeneli. Sindikunena kuti kalata imodzi ndiyo inapha anthu onsewo, zifukwa zinali zambiri, ndipo dyera la ndalama linali patsogolo. Koma kalatayo inagwiritsidwa ntchito potsimikizira madokotala, moti magaziniyo inafika poika chenjezo pamwamba pake, ndipo Jick mwiniwake ananena poyera kuti zinamuchititsa manyazi kuona mmene anthu anaipotozera.

Ambiri mwa marefarensi 608 amenewo ayenera kuti analembedwa mwaukhondo, 302 pamalo pake, 123 pamalo pake. Koma kalatayo ili pa tsamba limodzi lokha, loti munthu akadaliwerenga pa mphindi imodzi.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ofufuza awiri a pa yunivesite ya California ku Los Angeles, Mikhail Simkin ndi Vwani Roychowdhury, anapeza njira yochenjera yoyezera kukula kwa khalidwe lotumiza ena kukatimverera limeneli. Anatenga pepala lotchuka la fizikisi la mu 1973, la Kosterlitz ndi Thouless, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Linali litatchulidwa pafupifupi ka 4,300. Mwa amenewo, 196 anali ndi cholakwika pa chaka, voliyumu kapena tsamba. Koma zolakwika zosiyana zinali 45 zokha, ndipo cholakwika chimodzi chinabwerezedwa ka 78. Anthu 78 sangaphonye nambala imodzimodzi mofanana aliyense payekha. Ankakoperana mndandanda. Kuchokera pa masamu awo, awiriwa anayerekeza kuti mwa otchula pepala, mwina mmodzi yekha mwa asanu ndi amene amakhala ataliwerenga. Chiwerengero chimenecho n'choyerekeza, ndipo ena anachitsutsa ponena kuti munthu atha kuwerenga pepala koma n'kukopera refarensi yake kwa wina chifukwa cha ulesi wotaipa. N'zotheka. Koma aliyense amene anayang'anirapo ophunzira akudziwa kuti sanapite patali ndi choonadi.

Ndikudziwa yankho la wophunzira wa kwathu kuno: pepalalo n'logulitsa, akufuna madola, ine ndiwatenga kuti? Dandaulo limeneli n'lomveka, koma njira zilipo. Kuyambira mu 2002 bungwe la zaumoyo padziko lonse lili ndi ndondomeko ya Hinari, imene tsopano ili pansi pa Research4Life, yopatsa masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka mwayi wowerenga magazini ambiri osalipira. Pitani kwa woyang'anira laibulale ya pasukulu panu mukafunse, ameneyo ndi munthu amene ophunzira ambiri amangomudutsa. PubMed Central ili ndi mapepala athunthu aulere mamiliyoni. African Journals Online imasonkhanitsa magazini a mu Africa muno. Ndipo pafupifupi pepala lililonse limakhala ndi keyala ya imelo ya mlembi mmodzi. Mulembereni mwaulemu, ambiri amasangalala kuti wina akufuna kuwerenga ntchito yawo. Zonsezi zikakanika, nenani zoona: lembani kuti mfundoyi ndi ya uje, monga anaitchulira uje, ndipo kumapeto muike amene mwamuwerengadiyo. Masitayelo a dzina ndi chaka ali ndi njira yolembera zimenezi. Sizikongola, akonzi ena sazikonda, koma n'zabwino kuposa kunamizira kuti munaona chimene simunaone.

Kuwerenga chidule chokha nakonso kumapusitsa. Chidule chimanena zimene olemba akufuna kuti muzikumbukire. Kuti odwala anali angati, a msinkhu wanji, a kumudzi kapena a m'tauni, zimenezo zimabisala mkati, m'gawo la njira ndi m'matebulo, ndipo n'zimene zimakuuzani ngati mfundoyo ikukwanira pa chiganizo chanu.

Onaninso ngati pepala silinachotsedwe. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, limene linachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa chikuku, magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010, koma anthu akulitchulabe, ena osanena kuti linachotsedwa. Malamulo a ICMJE amaika udindo umenewu pa mlembi. PubMed imaonetsa pepala lochotsedwa, ndipo kuyambira mu 2019 Zotero imaika chenjezo lofiira pa pepala lotere, pogwiritsa ntchito kaundula wa Retraction Watch.

Masiku ano kwabweranso Van der Geer wamtundu wina. Mapulogalamu ocheza nawo aja, monga ChatGPT, mukawapempha marefarensi, nthawi zina amakupatsani mndandanda wokongola, mayina a akatswiri enieni, magazini yeniyeni, chaka chomveka, koma pepalalo kulibe, ndipo DOI yake mukaitsegula sikufikitsani kulikonse kapena ikufikitsani ku nkhani ina. Akonzi ayamba kuzigwira zimenezi, ndipo akagwira imodzi amakayikira pepala lonse. Refarensi iliyonse imene simunaitsegule ndi maso anu isalowe mu mndandanda.

Nditsirize ndi zolemba zimene ofufuza a kuno timadalira kwambiri koma zilibe DOI: malipoti a boma, ndondomeko za maunduna, mabuku a ophunzira a digiri amene ali pa shelefu ya laibulale. Apa pulogalamu ilibe pokoka, mulemba nokha. Tengani lipoti la Malawi Demographic and Health Survey la 2015-16. Kafukufukuyo anachitika m'zaka ziwirizo, koma lipoti linasindikizidwa mu 2017, ndipo chaka cha refarensi ndi 2017. Olemba ake ndi National Statistical Office pamodzi ndi ICF, malo ake Zomba ndi Rockville ku Maryland. Malipoti otere kawirikawiri amakulemberani okha, pa masamba oyambirira, mmene akufunira kutchulidwa, ndiye yang'anani pamenepo musanapeke zanu. Ngati lipoti lili ndi masamba mazana angapo, tchulani tsamba kapena tebulo pamene pali nambala yanuyo, musamusiye wowerenga kuti asakatule buku lonse. Tsamba la pa intaneti mulembe tsiku limene munalitsegula, ndipo musunge kope lake, popeza masamba a maofesi amasowa osatsanzika. Zimene wakuuzani pakamwa mkulu wina wa ku ofesi ya zaumoyo ya boma sizilowa mu mndandanda wa kumapeto. Zimatchulidwa mkati mwa nkhani momwemo, dzina lake ndi tsiku limene munayankhulana, ndipo magazini a zachipatala amafuna kuti mwiniwakeyo avomere polemba kalata.

Pepala likalandiridwa, osindikiza adzakutumizirani kope loti muone komaliza, ndipo m'mbali mwake mudzakhala mafunso: refarensi 17 sinatchulidwe mkati, refarensi 23 ilibe masamba, chaka cha refarensi 31 chikusiyana ndi chimene tapeza. Nthawi yoyankha imakhala yochepa, kawirikawiri masiku awiri kapena atatu. Amene anasunga mapepala ake onse m'foda imodzi amayankha madzulo amodzi. Amene anakopera mndandanda wa mnzake amayamba tsiku limenelo kufunafuna mapepala amene sanawaonepo.